Dzina Limene Ndinalisiya M'jekete

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Abale anga makochi, mamaneja, ndi inu nonse amene mumagwira zolembalemba m'matimu athu a m'Kawale muno, a ku Biwi, ku Chinsapo, ku Mgona ndi kwina konse, ndakuonani. Andipempha kuti ndinenepo za kulembetsa osewera, poti msika wa osewera ukutsegulidwa Lolemba likudzali. Za mafomu ndi zidindo akufotokozerani kale alembi, ine sindibwerezanso. Ine ndabwera kudzakuuzani mmene ndinagwetsera timu ndi bolopeni ya buluu, mpira osaukhudza n'komwe.

Ena mukugwedezana m'nthiti, ndiye kuti mukundidziwa. Kwa amene simundidziwa, ndine Ganizani Mbewe wa Njuchi za Kawale. Akuluakulu amene munkaonera mpira kalelo mumanditcha Nkhwangwa. Zaka zisanu ndi zitatu ndinavala jezi ya nambala naini, ndipo pamenepa sindidzichepetsa ayi, ndinkachinya. Masapota anali ndi nyimbo yanga, ankaiyamba pagalaundi n'kukaitula pamsika. Ndikakwera minibasi, kondakitala ankatsitsa munthu kutsogolo kuti ndikhalepo ine. Kenako bondo linatha, ndinavula nsapato, koma makutu anga anapitiriza kufuna nyimbo ija.

M'timu imeneyo munalinso mnzanga wa paubwana, Yusufu, telala wa pafupi ndi mzikiti uja. Yusufu anali wapabenchi. Mukamuona walowa, mudziwe kuti wina wavulala. Koma pokhala pabenchipo iye ankaona mpira, pamene ife tinkangothamanga. Ndiye timu itayamba kuvutika, zaka zitatu zotsatizana tikupulumuka kutuluka m'ligi pa gemu yomaliza, komiti inakhala pansi n'kugamula kuti kochi akhale Yusufu, ine ndikhale maneja. Ndinaomba nawo m'manja, mano onse ali panja, koma mumtima ndikudzifunsa. Ine kaputeni, ine mwini zigoli, ndizinyamula chikwama cha makhadi pambuyo pa munthu amene ankandigwirira botolo la madzi?

Ndinachita nsanje, abale. Nthawi imeneyo ndinkaitcha kukonda timu, koma lero ndikuitchula dzina lake lenileni. Inali nsanje basi.

Ndinayamba ndi zing'onozing'ono. Pa matrayalo Yusufu akasankha mnyamata, ine ndinkapita kwa a komiti mmodzimmodzi n'kumanong'ona kuti kochi akungotola a kumzikiti kwawo. Linali bodza, ndipo ndinkadziwa kuti ndi bodza, poti mwa anyamata asanu amene anawatenga chaka chimenecho, anayi ndinkakumana nawo kutchalitchi. Kunali difenda wina wamtali amene Yusufu anamuumba yekha kuchokera ku mpira wa kusukulu. Ameneyo ndinamusinthanitsa ndi timu ina ya ku Biwi, iwo n'kutipatsa mipira inayi, maneti akale, ndi osewera wapakati amene ankathamanga mphindi makumi awiri zokha kenako n'kuyamba kugwira m'chiuno. Ku komiti ndinati tapindula, ndipo ataona mipira yatsopano ikunyezimira anandiyamikira. Yusufu anangondifunsa ngati mipirayo izidzatitchingira kumbuyo. Ine ndinaseka.

Kenako kunabwera Limbani. Yusufu anamupeza ku Mgona akusewera mpira wa Lamlungu ndi anyamata ogulitsa makala, nsapato imodzi yake, inayo yobwereka. Anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, woonda, wosalankhulalankhula. Pa gemu yapaubale yoyamba anachinya zitatu. Pa yachiwiri anachinya ziwiri, china ndi mutu, china ndi mwendo wamanzere umene ine moyo wanga wonse ndinkangoyendera. Tsiku limenelo masapota anatenga nyimbo yanga ija, anachotsamo dzina langa n'kuikamo la Limbani. Ine ndili chilili pamzere, chikwama paphewa. Wina kumbuyo kwanga, munthu amene kale ankandinyamulira nsapato, anafuula kuti nkhwangwa yatsopano yafika, yakale ija inabuntha. Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo.

Pa gemu yomweyo panali bambo wina wochokera ku timu ya m'ligi yaikulu. Anatiitanira pambali ine ndi Yusufu n'kunena kuti mnyamatayo timulembetse, iwo amuonera magemu oyambirira a ligi, ndipo akachita zomwezi amutenga. Yusufu anasangalala ngati mwanayo ndi wobala yekha. Ine m'ligi yaikulu sindinapondemo. Ndinadikira munthu wotereyu zaka zisanu ndi zitatu osabwera, lero wabwerera kamnyamata ka nsapato yobwereka. Ndinafika kunyumba chakudya chinandikanika.

Mmene timachitira mukudziwa, koma ndinene chifukwa ndaona nkhope zatsopano. Kochi amalemba mayina makumi awiri ndi asanu. Maneja amatenga pepalalo pamodzi ndi tizithunzi tiwiritiwiri ta osewera aliyense, n'kukakopera mayinawo pa fomu ya ku ofesi ya ligi. M'ligi yathuyi msika unkatsegulidwa kamodzi pachaka. Ukatsekedwa watsekedwa. Amene sali pa fomu alibe khadi, ndipo wopanda khadi refa samulola kuponda galaundi, kaya ku timu yake kaya ku ina. Ndiye kuti kuchoka pa shopu ya kochi kukafika ku ofesi, chaka chonse cha mnyamata chimakhala m'thumba la maneja, popanda womuona.

Tsiku lomaliza la msika linali Lachisanu. Yusufu anandipatsa mndandanda cham'mawa m'shopu mwake, pepala long'amba m'buku limene amalembamo miyezo ya makasitomala, ndi envulopu ya tizithunzi, aliyense dzina lake kumbuyo. Pakhoma panapachikidwa jezi ya nambala naini, yanga ija, ataichepetsa m'mbali kuti imukwane Limbani. Anandionetsa monyadira, osadziwa kuti akundibaya. Kenako anati, "Aise, ine masana ndikukaswali kumzikiti, zonse zili m'manja mwako."

Ndinakhala pa benchi ya panja pa ofesi, fomu pabondo, n'kuyamba kukopera. Woyamba, wachiwiri, wachitatu, dzanja likuyenda bwinobwino. Nditafika pa dzina la Limbani bolopeni inaima. Sindinena kuti satana anandilowa, iyayi, satana tisamamunamizire. Ndinali ndekha pabenchipo, ndipo sindinamwe kanthu. Komanso m'thumba ndinali nditanyamula kale tizithunzi ta mlamu wanga Daisoni kuchokera kunyumba, ndiye nkhani ndinali nditaimaliza kale mumtima. Daisoni anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, mimba ikutsogola iye pambuyo. Ndinalemba dzina lake pamzere wa Limbani. Tizithunzi ta Limbani ndinatiponya m'thumba la mkati la jekete, pepala la Yusufu ndinaling'amba n'kulitaya m'ngalande. Atadinda chidindo ndinakwera minibasi kubwerera ku Kawale mtima uli myaa. Sindibisa, ndinamva kukoma.

Makhadi anatuluka patapita sabata, la Limbani panalibe. Mnyamata anaima kumapeto kwa mzere, anzake onse atalandira ao kuti aone, iye manja ali lende. Ndinapita n'kumugwira paphewa, n'kumuuza kuti alimbe mtima, anthu ndi oipa. Komiti itatiitana ndinati pepala la kochi linali ndi mayina makumi awiri ndi anayi okha, ndiye ndinathamangira Daisoni kuti malo asapite pachabe, ndipo pepalalo ndinataya poti ntchito yake inali itatha. Nthawiyi n'kuti nditafesa kale pamsika kuti Yusufu wamusiya dala mnyamatayo kuti akamugulitse mwamseri osadutsa ku komiti. Yusufu anati, "Limbani ndinamulemba." Ananena kamodzi kokha, akundiyang'ana.

Kuchokera apo zinayenda mothamanga. Limbani anabwerabe ku tireningi miyezi iwiri, kenako anasiya. Bambo wa ligi yaikulu uja anafika pa gemu yoyamba, anauzidwa kuti mnyamatayo alibe khadi, anakatenga wina ku Area 25. Ife kutsogolo kunalibe wochinya, kumbuyo kunalibe wotchinga. Masapota anayamba kumutukwana Yusufu, tsiku lina anamugendera malata a shopu. Titagonja magemu asanu motsatizana komiti inamuchotsa n'kundipatsa ine ukochi. Chimene ndinkachifuna ndinachipeza, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti sindidziwa kanthu. Ndinkangokalipa kuti thamangani, menyerani kutsogolo. Daisoni jezi ya naini sinamukwane, ndipo sanachinye ngakhale chimodzi. Gemu ina tinamupatsa penate, anaterereka yekha mpira asanaufike. Kumapeto kwa chaka Njuchi zinatuluka m'ligi, koyamba chiyambire timuyi.

Inu mungaganize kuti nsanje inathera pomwepo. Ayi ndithu. Ndinkadutsa pa shopu ya Yusufu n'kumuona ali pa makina ake, tepi m'khosi, anyamata a timu yanga atadzaza pakhonde akumufunsa za mpira, iye akuwajambulira pansi ndi choko cha nsalu. Munthu wochotsedwa, wogendedwa, koma ali ndi mtendere. Ndinkamuchitira nsanje ngakhale pa mtendere umenewo.

Mowa ndinayamba kumwa tikagonja, ndipo tinkagonja sabata iliyonse. Ligi itatha ndinkamwa popanda chifukwa. Ndinatsika kuchoka ku wa m'mabotolo mpaka ku kachasu wa ku Chinsapo, kumene ndinkaganiza kuti sandidziwa. Komiti inandichotsa ukochi. Ku shopu ya zitsulo kumene ndinkagwira ntchito anandipirira miyezi ingapo, kenako anandiuza kuti ndikapume kaye. Nyumba yonse inatsamira pa geni ya kaunjika ya mkazi wanga, mayi a Tadala. Tadalayo, mwana wathu wamkazi, akandiona panjira ali ndi anzake ankakhota. Nkhwangwa yense uja ndinkaimba ndekha nyimbo yanga pa shabini, anthu n'kumandipatsa kotsalira m'kapu kuti ndivinenso.

Tsopano ndimvetsereni bwino, chifukwa apa m'pamene ndinabwerera.

Linali Lachiwiri, cha m'ma thuu koloko masana, dzuwa likuswa mtengo. Ndinagwera m'ngalande pafupi ndi siteji ya makabaza ku Chinsapo. Ndinali nditavala jekete lija, poti pa zovala zanga ndi lokhalo limene linali lisanathe. Anthu ankangodutsa, ena kuima pang'ono n'kuseka. Ndinamva manja akundigwira m'khwapa, ndi mawu akuti, "A Maneja, dzukani, tiyeni kunyumba." Anali Limbani. Anali atayamba kupalasa kabaza wa njinga yakapalasa. Anandikhazika pa kaliyala, n'kundimangirira kumsana kwake ndi lamba wa katundu kuti ndisagwe.

Kuchoka ku Chinsapo kufika ku Kawale mukudziwa kuti si pafupi, ndipo pali zitunda. Ine mutu uli pamsana pake, maso ali pansi, ndinkaona akatumba a miyendo yake akukwera n'kutsika. Miyendo yomwe ija, wamanzere womwe uja, ikukankha thupi langa lonunkha kachasu. Ndipo panjira ankalankhula, munthu amene sankalankhula. Anati mpira anasiya, nsapato yake imodzi ija anapatsa mng'ono wake. Anati akamadutsa pa shopu ya Che Yusufu amalavula, ndipo sadzasiya. Tili pakati pa chitunda, akupuma movutikira, anati, "Inu nokha a Maneja ndi amene munandimvera chisoni. Sindiiwala mmene munandigwirira paphewa tsiku lija."

Mowa unathera pa kaliyala pomwepo. Titafika anandimasula, anandilowetsa m'nyumba, anandivula nsapato. Mayi a Tadala atafuna kumupatsa ya ulendo anakana, anati awa ndi bambo anga.

M'mawa mwake ndinadzuka mutu ukung'ambika, n'kupeza mayi a Tadala atakhala pakhonde, jekete lili m'beseni. Thumba la mkati lija linali lobooka, ndipo pochapa anamva kanthu kolimba kunsi, kuseri kwa nsalu yamkati. Anadula ulusi n'kukatulutsa. Pakampando, pambali pa kapu yanga ya tiyi, panali tizithunzi tiwiri tonyowa. Nkhope ya Limbani, atavala malaya oyera amene anabwereka kuti akajambulitse. Kumbuyo kwake dzina lake, m'malembo a Yusufu opendekera aja. Ine ndinkayesa kuti tinatayika kalekale.

Mkazi wanga sakonda mpira, koma nkhani ya khadi la Limbani Kawale yense ankaidziwa. Sanakalipe. Anapukuta manja pachitenje n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Bambo a Tadala, mwana amene anakunyamulani dzulo uja akudziwa zimene zinali m'jekete munavalalo?" Anati iye wapirira mowa, wapirira manyazi, wapirira kusekedwa pamsika, koma tizithunzi timeneti sakhala nato m'nyumba imodzi. Ndikatibweze kwa eni ake ndekha, apo ayi akatipereka iyeyo.

Kuchoka kwathu kufika kwa Yusufu ndi mphindi zisanu. Tsiku limenelo ndinayenda ola lathunthu, ndinazungulira msika kawiri. Ndinamupeza akusoka yunifomu ya sukulu. Sindinapereke ndi moni womwe, ndinangoika tizithunzi pa makina. Iye anatiyang'ana, anachotsa phazi pa chopondera, anatsegula kabati n'kutulutsa buku la miyezo la chaka chija. Anatsegula pamene panang'ambidwa pepala. Yusufu amalemba mokanikiza, ndiye malembo ake anadinda pa tsamba lotsatira. Anali atapakapo pensulo mopepuka, mayina onse makumi awiri ndi asanu akuoneka mbee, la Limbani lili pa nambala naini. Anati anachita zimenezi tsiku lomwelo komiti inatiitana lija.

Ndinamufunsa kuti nanga bwanji sanaonetse anthu, mpaka kugendedwa, mpaka kuchotsedwa, mpaka kulavuliridwa.

"Msika unali utatsekedwa kale, bukuli silikanamubwezera khadi," anatero. "Ndipo amene anagenda malata anga aja ankangokayikira chabe. Iwe, umboni uli m'manja, akanakuotchera nyumba, m'nyumbamo muli Tadala. Ndinkadikira kuti ubwere wekha, aise. Wachedwa."

Ndinalira pamaso pa amayi awiri amene ankadikira madiresi ao. Pakhoma jezi ya naini inali pomwepo, fumbi m'mapewa. Nditayamba kupepesa, Yusufu anandidula, anati iye ndisamupepese kaye, wolakwiridwa weniweni ali pa siteji ya makabaza.

Ndinapita kwa a tcheyamani a timu yathu n'kuwapempha kuti Loweruka aitane komiti, osewera ndi masapota pagalaundi. Limbani ndinakamuitana ndekha, ndipo anabwera chifukwa woitana ndinali ine. Ndinaima pakati, masiku anayi osamwa, tizithunzi tija tili m'dzanja, n'kunena zonse: za difenda uja, za bodza la kumzikiti, za benchi ya ku ofesi, za Daisoni. Phokoso linabuka. Wina anatola mwala, ndipo amene anaima patsogolo panga ndi Yusufu yemweyo. Limbani sanasunthe, anali atatsamira njinga yake. Phokoso litatsika anabwera, anatenga tizithunzi m'dzanja langa, anatiyang'ana nthawi yaitali. Anandifunsa chinthu chimodzi chokha, kuti iye anandilakwira chiyani. Ndinati palibe, unkachinya bwino kuposa ine, basi.

Anatembenuka, anapita kwa Yusufu n'kugwada pa fumbi, kupepesa za malovu aja. Koma ine, panatha miyezi isanu ndi itatu osandipatsa moni.

Komiti inabwezeretsa Yusufu, ine inandiletsa kugwira chilichonse cha timu kwa zaka ziwiri. Ndinapempha ntchito imodzi yokha, yojambula mizere ya galaundi ndi laimu, ndipo anandilola poti panalibe wina woifuna. Mowa sindinasiye tsiku limodzi ngati mmene ena amanenera akamachitira umboni. Ndinagwanso kawiri, kachiwiriko ndinadzuka m'ngalande ina popanda wondinyamula. Chinandithandiza n'chakuti masana, nthawi imene miyendo inkafuna kulowera ku Chinsapo, ndinkakakhala pa shopu ya Yusufu kumasokerera mabatani ndi kusita. Munthu sungamwe uli ndi simbi yamoto m'manja, telala akukuyang'ana. Lachitatu lililonse ndimapita ku gulu la abambo kutchalitchi, ndipo kumeneko sanditcha Nkhwangwa. Patapita miyezi ndinakagogodanso ku shopu ya zitsulo, anandilandira, koma ndinayambira konyamula matumba a simenti.

Ndipo ku Njuchi tinasintha kachitidwe. Masiku ano mndandanda suyendanso m'thumba la munthu mmodzi. Lachinayi, msika usanatsekedwe, kochi amauwerenga mokweza pagalaundi, osewera aliyense n'kusaina pambali pa dzina lake. Amene wasiyidwa amauzidwa pamaso, chifukwa chake n'kuchimva ndi makutu ake, ndipo kalata yomumasula amaitenga tsiku lomwelo kuti akapeze timu ina nthawi ikadalipo. Ku ofesi timapita atatu, mmodzi mwa ife ndi kaputeni. Fomu ikangodindidwa timaijambula n'kuiponya pa gulu lathu la pafoni tisanakwere minibasi. Ndipo osewera sasinthanitsidwa popanda kochi ndi mwini wakeyo kuvomera, ngakhale atatilonjeza mipira yodzaza thumba. Tengani zimenezi, sizilira kanthu.

Koma fomu sichiza mtima. Nsanje ilipobe, sindikunamizani. Sabata yatha yomweyi titapambana, masapota anamunyamula Yusufu m'mwamba, ine n'kumva kansanje kaja ngati kale. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndimakatchula kasanakule. Atamutsitsa ndinamuuza kuti aise, lero ndakuchitira nsanje. Iye anaseka n'kundipatsa botolo lake la madzi kuti ndimugwirire.

Ambiri mwa inu munali osewera, ndipo ena munali ndi nyimbo zanu. Ndikudziwa kuti m'chipinda muno muli munthu amene ali ndi kochi womuwawa mumtima, kapena kamnyamata kamene kakuchita zimene iye zinamukanika. Sindikufunsani kuti mukweze dzanja. Koma sabata ya mawa mukakhala pa benchi ija ndi bolopeni, mukafika pa dzina lina n'kuona dzanja likulemera, musalembe. Imirirani, imbirani mnzanu foni, mumuuze chimene chikukutenthani. Ngati mulibe womuimbira, ine ndimapezeka pagalaundi pathu Loweruka lililonse m'mawa, mizere ndimajambulabe.

Mukufuna kudziwa za Limbani. Anabwerera chaka chotsatira, Yusufu atamupitira kwao kanayi. Jezi ija anaichotsa pakhoma n'kuichapa, ndipo ndi zigoli zake tinakweranso m'ligi imene tinatuluka. Amachinyabe, koma tsopano ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, kabaza anamulemetsa miyendo, ndipo bambo wa ligi yaikulu uja sanabwerenso. M'mawa amapalasa, madzulo amasewera. Mnyamata wa ku Area 25 amene anatengedwa m'malo mwake timamumva pa wailesi. Akamatchulidwa, Limbani amangowerama n'kumanga zingwe za nsapato.

Zaka ziwiri zitakwana komiti inandibwezera chikwama cha makhadi, ndipo amene anakandipemphera ku komitiko ndi Yusufu. Tsiku limene ndinachilandira Limbani anabwera pamene ndinaima. Anati, "A Maneja, ine ndinakukhululukirani, zimenezo zinatha. Koma khadi langa ndizisunga ndekha." Ndinatsegula chikwama n'kumupatsa.

Ndiye mukadzabwera kudzaonera Njuchi, mudzayang'anitsitse nthawi imene refa amaitanitsa makhadi. Ine ndimapereka a anyamata onse, nditawayala bwino mwa manambala. Kenako timadikira pang'ono. Limbani amawerama, amatulutsa lake m'sokisi, lokulungidwa m'kapulasitiki, n'kulipereka yekha, ndipo gemu ikatha amakalitenganso yekha. Marefa atsopano amadabwa, amafunsa kuti bwanji ameneyu khadi lake silikhala ndi maneja. Anyamata amayang'ana pansi. Amene amayankha ndine, ndipo ndimayankha zomwezo nthawi zonse: "Anandikhulupirirapo kale, bwana. Ndinamubera chaka chathunthu."

Zikomo pondimvetsera, ndakhala pansi.